Chingwe cha ku Berlin pa Khoma la Apongozi

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ulendo wanga wa ku Ulaya, ati chifukwa ndikamaufotokoza pakamwa umasintha malinga ndi amene akumvera. Chabwino, ndalemba. Koma ulendowo simungaumvetse musanadziwe za laimu, ndi za khoma lina la pa msika wa pa Mchepa, kufupi ndi Khombedza, lomwe linandipatsa mkazi kenako n'kutsala pang'ono kundilanda penshoni.

1968

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Salima, mu ofesi yoyang'anira nyumba za boma ndi misika. Anandipatsa ndowa, bulashi ya khonje ndi ovolosi yomwe mwini wake woyamba anali wamtali kuposa ine. Kapitawo wathu, a Zuze, anandiphunzitsa lamulo limodzi lokha: kukamabwera mlendo wamkulu, chikamayenda uchithamangitse, chikangokhala uchipake laimu. Tinkapaka miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo mpaka m'chiuno, zipupa, migolo ya zinyalala, ngakhale chulu chikakhala poonekera. Mbuzi ina yaulesi ya pa siteshoni ya sitima inayenda ndi mwendo woyera mpaka mvula itagwa chifukwa cha lamulo limeneli. Ntchitoyi anthu amaiderera, koma ine ndinaikonda ndipo sindibisa. Kusungunula laimu n'kwa anthu odziwa. Ukachulutsa madzi khoma limaoneka lodwala, ukachepetsa laimuyo amakanganuka. Tinkathiramo kamchere kuti agwire, ndi buluu wochapira zovala kuti kuyerako kuthobwe m'maso.

Chaka chomwecho ananditumiza pa Mchepa kukakonzera mlendo wina. Pa khoma la shedi ya nsomba, pansi pa khonde, ndinapeza zojambula za makala ndi katondo. Panali sitima yapamadzi ikufuka utsi, njovu itanyamula chipika, ndege ikugwetsa matumba, ndipo m'munsi mwake mzere wa amuna ovala zipewa zopinda mbali imodzi, atagwira mfuti. Kumapeto kwa mzerewo kunali kampata kopanda kanthu, ine n'kungoti wojambulayo makala anamuthera. Ndinaviika bulashi n'kuyamba ndi njovu. Ndisanafike ku mchira ndinamva mawu kumbuyo kwanga akundifunsa ngati kwathu amaphunzitsa ana kufafaniza ntchito za eni. Anali mtsikana wogulitsa usipa, atagwira m'chiuno. Ameneyo ndiye mayi anu, Esinati. Wojambulayo anali bambo ake, a Yobe, omwe aliyense ankawatchula a Sajeni ngakhale kunkhondo sanafike pa usajeni. Anapita ku Bama ali mnyamata pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, ndipo lole yomwe inawatenga inaima pamalo pomwepo shediyo isanamangidwe. Amuna a mumzerewo anali anzawo a m'mbali mwa nyanja omwe anakwera nawo lole koma sanabwereko. Ndinapepesa kwa Esinati, koma khomalo ndinalimaliza. Kupepesako ndiko kunatenga nthawi, mpaka kunafika kwa ankhoswe.

1970 mpaka 1993

Umu ndi mmene ndinakhalira mkamwini wa munthu yemwe ntchito yake ndinkalipidwa kuti ndiziifafaniza. Anandisuntha kangapo, Salima, Chinguluwe, Salimanso, mpaka ndinakhala kapitawo a Zuze atapuma, koma khoma la pa Mchepa silinkachoka m'manja mwanga. Kukamveka kuti kukubwera mlendo, ine ndinkapita kukapaka. Mlendo akangodutsa, fumbi lisanakhazikike n'komwe, sitima ija inkayambanso kufuka utsi. Nkhaniyi ine ndi apongozi sitinaikambepo. Tikakumana panjira ndinkapatuka, kuvula chipewa, n'kufunsa za nyanja, iwo n'kufunsa za boma. Zonse za khoma zinkadzera kwa Esinati. Ankabwera n'kundiuza kuti bambo akuti laimu wa ulendo uno mwachulutsa madzi, ine n'kumutuma kuti akawauze kuti njovu yawo ili ndi miyendo ya tebulo. Mayi anu anadzandiuza mochedwa kwambiri kuti mauthenga angawo sankawafikitsa.

Musaiwale kuti imeneyo inali nthawi ya chipani chimodzi. Tsiku lina anyamata a chipani, omwe ankaima pa geti la msika kufunsa makadi, anaima nthawi yaitali patsogolo pa khomalo akufunsana kuti asilikali amenewa akufuna kumenyana ndi yani. Nditamva, ndinapalasa njinga kuchoka ku Salima ndowa ikugubuduka pa kaliyala, n'kukapaka popanda mlendo aliyense. Ndinachita mantha enieni, chifukwa anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa pamenepo. Choncho musamve ngati ndikupepesa, ntchito yanga inawatchinjiriza agogo anu. Komabe nthawi zonse bulashi ikamayandikira nkhope zija mtima unkandiwawa, n'chifukwa chake ndinkayamba ndi njovu, amunawo n'kuwasiyira kumapeto.

1994 mpaka 1995

Matipate itabwera, Mmalawi aliyense anazindikira kuti amatha kulemba. Chipani chilichonse chinabwera ndi penti wa mtundu wake. Analemba pa milatho, pa zimbudzi za msika, pa mitengo, ngakhale pa miyala yanga yoyera, ena kulonjeza, ena kutukwana. Nthawi yomweyo laimu anayamba kusowa. Tinkatha miyezi osaona thumba n'limodzi lomwe, mpaka ndinkatuma anyamata kukakumba dothi loyera kudambo, lomwe likauma linkaoneka ngati khoma ladzola phulusa. Bwana wathu watsopano anali a Matola, munthu waukhondo woyenda ndi hanki ziwiri, ina yopukutira nkhope ina yopukutira mpando. Sanali munthu woipa. Ankangoopa lamya, chifukwa masiku amenewo aliyense wa m'boma ankaopa kutchedwa wotsalira wa ulamuliro wakale.

Tinkagwira ntchito ndi mzungu wina wa ku Jeremani, mayi Renate, yemwe ankayang'anira zokumba mijigo ndi kumanga midadada ya sukulu. Iye anabweretsa uthenga woti anzake ku Berlin akufuna munthu mmodzi wa mu ofesi yathu akaphunzire kasamalidwe ka nyumba za boma. Mu ofesi munabuka nkhondo. Dzina lililonse likatchulidwa, wina ankadzuka n'kunena kuti ameneyo ndi wa chipani chakutichakuti. Pamapeto pake anapeza kuti munthu yekhayo amene zipani zonse zinkadana naye mofanana ndinali ine, popeza ndinkazifafaniza zonse mosakondera. Ndinapita kukatsanzika apongozi. Ngakhale ndinali nditakhala pamkeka womwewo, iwo anauza Esinati kuti andiuze kuti ndikawauze Majeremani kuti iwo alibe nawo chifukwa, nkhondo yawo inali ndi anzawo ena m'nkhalango za ku Bama. Kenako anandibwereka chijasi chawo cha usilikali, cholemera ngati bulangete lonyowa, chonunkhira utsi wowambira nsomba. Pobwerera ndinadzera pamsika ndipo ndinaona kuti ajambulanso kumene. Njovu ya ulendo umenewo inali ndi mawondo.

1996, ku Berlin

Ndinafika mwezi wa Epulo, eni ake akusangalala kuti kwayamba kufunda, ine mano akugundana m'chijasi cha a Sajeni. Wondilandira anali a Klaus, injiniya wamtali wophunzira bwino, koma atavala buluku long'ambika m'mawondo onse awiri, moti ndinaganiza kuti mkazi wawo anamwalira. Tili m'sitima ndinasuzumira pawindo ndipo mtima unangoti myuu. Khoma lililonse linali lolembedwalembedwa, milatho, mipanda, zitseko za magalaja, ngakhale sitima yomwe tinakwerayo. Poyamba ndinakhumudwa, poganiza kuti sanawauze kuti kukubwera mlendo. Kenako ndinawamvera chisoni, chifukwa ndimadziwa mmene zimawawira mlendo akakupeza usanasese. Ndinachita zomwe munthu woleredwa bwino amachita, ndinayang'ana nsapato zanga ulendo wonse. Titatsika ndinawakokera pambali a Klaus n'kuwafunsa motsitsa mawu ngati kapitawo wa mzindawo akudwala, kapena ngati nawonso laimu akuwavuta. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti Loweruka adzanditenga ndikaone bwinobwino.

Maphunzirowo anali a mapaipi, madenga ndi chinyezi, ndipo sindikutopetsani nawo. Loweruka a Klaus ananditengera m'mbali mwa mtsinje, komwe kunatsala chigawo cha khoma lomwe linkagawa mzindawo pakati nkhondo itatha. Linali lalitali moti miyendo inawawa tisanalimalize, ndipo lonse linali lojambulidwa. Ndikukumbukira nsomba yovala nsapato za usilikali, munthu wa mutu wa wailesi, ndi makwerero okwera kumwamba osatsamira paliponse. Anthu a mitundu yonse ankaima n'kumajambulitsa zithunzi, ena atanyamula ana pamapewa. Ine ndinkayenda ndikuyeza ndi maso ngati kapitawo, ndipo ndinaona kuti pangafunike lole yathunthu ya laimu ndi nyengo yadzuwa. Ndi mtima wabwino ndinawauza a Klaus kuti atati atumize matikiti a anyamata anga, khomalo tingaliwalitse osatenga nthawi.

Ulendo uno sanaseke. Anandiuza kuti khomalo linali loyera kale, mbali yomwe tinaimayo, loyera ngati chipatala, ndipo linkapakidwa pafupipafupi. Ankaliyeretsa kuti msilikali wa pa nsanja aziona bwino munthu wothawira mbali inayo ya mzinda akamathamangira kukhomako, amuwombere asanakwere. "Amene ankapakawo ankaidziwa ntchito ngati inuyo," anatero a Klaus, ndipo sankandinyoza, ankangonena. Ndinalowetsa manja m'matumba a chijasi. Manja angawa mukuwadziwa, laimu anawang'amba ndipo m'ming'alumo munayera mpaka lero. Tsiku limenelo ndinachita nawo manyazi. Zaka zonsezo ndinkadziwa kuti kuyeretsa ndi ulemu, panalibe anandiuzapo kuti khoma loyera lingaphe munthu. Kenako a Klaus anandigulira soseji yothira msuzi wofiira, ndipo ndinadya, poti kunkazizirabe.

Masiku ena anandionetsa tchalitchi chomwe mabomba anachigumula nsanja, chitangoima choncho pakati pa masitolo, dala osachikonza. Ndinawafotokozera za pepa Sande, kuti kwathu mphepo ikasasula denga la tchalitchi timaitana makwaya n'kusonkha, mvula isanabwere tafolera. Anandithokoza mwaulemu. Pa zipilala za nyumba ina yosungiramo zinthu zakale panali mabowo a zipolopolo, chala changa chinkalowa bwinobwino, ndipo simenti ya m'chikhatho ikanatseka angapo. A Klaus anati anawasiya kuti ana azifunsa. Ndinaganiza zoti ana a kwathu amafunsa kale zambiri popanda kuwasiyira mabowo, koma sindinanene.

Chomwe chinandigwira mtima m'nyumba zimenezo si zinthu zakalezo ayi, koma chingwe. Chinali chofiira, chonenepa, chokolekedwa pa timitengo tachitsulo, chofika m'mawondo basi, choti mbuzi ikanachidumpha osazindikira n'komwe. Koma panalibe munthu wochiwoloka. Kuseri kwake kunali nsapato imodzi yopserera, supuni yopindika, chitseko chothyoka, njinga yopanda matayala, zinthu zomwe kwathu zimakhala kudzala, ndipo anthu ankanong'onezana ngati ali pa siwa. M'nyumba ina ndinapeza mono wogwirira nsomba wochokera ku nyanja za kuno kwathu ali m'galasi, wobooka pambali, woti a Sajeni akanaupereka kwa nkhuku kuti ziziikiramo. Nditawerama kuti ndione mfundo zake ndinatsamiza dzanja pa galasilo, belu n'kulira. Kunabwera mayi wovala yunifolomu, n'kunena mawu pang'onopang'ono, omwe a Klaus anamasulira kuti musakhudze. Sanakalipe, sanatulutse maso, koma ndinamvera msanga kuposa mmene ndinkamverera anyamata a makadi aja.

Ndiyeno pa kona ina, a Klaus atatsalira m'mbuyo, ndinapeza chingwe chitazungulira ndowa ya malata, mopu ili momwemo, kasanza katakolekedwa pa chogwirira. Ndowa ndimazidziwa, ndipo imeneyo inali yoti yagwira ntchito. Ndinavula chipewa, manja kumbuyo. Ndinayamba kuganiza za munthu wonga ine yemwe ankainyamula mabomba akugwa, ana akumudikira kunyumba, mpaka misozi inalengeza. Amayi awiri achikulire anadzaima pambali panga, kenako bambo wina wa kamera, tonse chete. Tili chiimire panafika mnyamata wokolopa, anadumpha chingwe, ananyamula ndowa yake n'kulowa nayo kuchimbudzi. Tinabalalika osayang'anana. A Klaus sindinawauze, koma m'ndege pobwera ndinkangoziganizira. Kuti ine ndinapusa si nkhani, nkhani ndi yoti eni dziko nawonso anaima.

1996, nditabwerako

Esinati anandichingamira pa depoti ya Salima, ndipo ndisanatsitse sutukesi anandiuza kuti bambo ake anagwa akusoka ukonde. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Mawu anabwerera mokhotakhota, koma dzanja silinabwerere. Popita kukawaona ndinadzera pamsika. Khonde linali litatchinjiriza zojambulazo bwino, sitima ikufukabe, njovu ndi mawondo ake, amuna aja pamzere. Ndinaima pamenepo ndipo ndinadziwa kuti zimenezi zikafafanizika sipadzakhalanso zina.

Mu Okutobala lamya ija inalira. Anduna ankabwera kudzatsegulira mjigo ndi zimbudzi zatsopano pa Mchepa. A Matola anasakasaka mpaka anapeza laimu weniweni, n'kundiitana. Anati nsanja ya alendo iyang'anizana ndi shedi ya nsomba, ndipo asilikali aja achoke, chifukwa manyuzipepala tsopano ndi omasuka ndipo akhoza kujambula anduna ataima pansi pa mfuti. Kunena zoona maganizo awo sanali opusa. Ndinawauza kuti wojambulayo wadwala ndipo sadzajambulanso. Anapepesa ndi mtima wonse, n'kunena kuti nditole chithunzi kenako ndipake, ngakhale tonse tinkadziwa kuti kamera ya ofesi inalibe filimu chiyambire chisankho. Kenako anapukuta nkhope ndi hanki n'kundikumbutsa mofatsa kuti chaka chamawa ndikupuma, fayilo yanga idzadutsa pa tebulo lawo, ndipo kukana lamulo ndi kukana lamulo ngakhale mu demokalase. Kunyumba mayi anu sanakalipe, zomwe kwa iwo n'zoopsa kuposa kukalipa. Anangoti, "Mukayambe ndi njovu monga mwa nthawi zonse," n'kutuluka kukatsuka mbale zotsukatsuka.

Dzulo lake la mwambowo ndinapaka msika wonse. Miyala, mitengo, zimbudzi, nsanja, zonse zinayera mbee. Khoma la shedi ndinalipakanso, koma mozungulira zojambulazo, ndipo mzere wa m'malire mwake ndi wowongoka kuposa mzere uliwonse womwe ndinalembapo pa moyo wanga. Kenako ndinapita kudoko kukabwereka chingwe kwa asodzi a ukonde wa chilimira. Sichinali chofiira, chinali cha buluu ndipo chinkanunkha usipa, koma chinali chingwe. Ndinadzaza mchenga m'zitini zakale za penti, kuzikamo timitengo, kukoleka chingwecho mofika m'mawondo, n'kundandalika miyala yoyera kutsogolo kwake. Mlonda wa msika, a Saidi, nkhalamba ya nkhope yosaseka, ndinawaveka chijasi cha a Sajeni pa dzuwa la Okutobala la ku Salima, n'kuwakhazika pampando. Ndinawaphunzitsa mawu amodzi, oti aziwanena motsitsa. Anafunsa ngati palibe ena owonjezera, ine ndinati amenewo akwanira.

Zinagwira msanga kuposa ku Berlin. Amayi omwe kwa zaka zambiri ankatsamiza madengu a nsomba pakhomalo anayamba kulilambalala. Wina anafunsa kuti wamwalira ndani. Ena anati pali mankhwala, ena anati azungu aligula. Oitanira minibasi, anthu oti sanong'ona ngakhale pamaliro, ankatsitsa mawu akamadutsapo. Mmawa wa tsikulo a Matola anatsika m'galimoto, anayang'ana msika n'kumwetulira, kenako anaona khoma. Anabwera mofulumira, koma atafika pachingwe anaima, nsonga za nsapato zitangochiyandikira, n'kutembenukira kwa ine.

"A Mbewe, khoma ili ndinati chiyani?"

"Munati ndipake, bwana. Ndapaka mpaka pomwe chingwe chikulola."

"Chingwechi waika ndani?"

"Ndine, bwana."

"Ndiye chotsani."

"Sindichotsa, bwana. Bulashi ndi iyo, laimu watsala. Koma dzanja langa silipaka pamenepo."

Chiyambire ntchito ndinali ndisanakanepo lamulo. Ndinkaona penshoni yanga ikukwera basi. A Matola anayang'ana bulashi, anayang'ana suti yawo, kenako anakweza phazi kuti awoloke. A Saidi, thukuta lili kamukamu m'chijasi, osatembenuka n'komwe, anati, "Musakhudze." Phazi lija linabwerera lokha. A Matola anandiuza kuti Lolemba ndikapereke makiyi a sitolo ku ofesi, ndipo chomwe sindiiwala n'chakuti anandiuza monong'ona. Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka mahutala.

Anduna anali munthu wonenepa wansangala, wovala magalasi akuda. Akupita ku nsanja, amayi akuimba, anaona chingwe n'kupatuka okha, gulu lonse pambuyo. Anaima, anavula magalasi, nyimbo n'kuzima. Atayang'ana kanthawi anafunsa motsitsa mawu kuti ndi dziko liti latithandiza pa ntchito imeneyi. Mayi Renate ankayang'ana kumwamba ataluma mlomo. Polankhula pa nsanja anduna anati ulamuliro wakale unkabisa ngwazi zathu, koma boma latsopano lazisunga monga mukuoneramu, ndipo amene anaomba m'manja kwambiri anali a Matola. Lolemba ndinakapereka makiyi. Kundichotsa ntchito sakanatha, poti sungachotse munthu pa chinthu chomwe anduna ayamikira, koma ananditumiza ku Chinguluwe kukapaka mitu ya makalavati a m'ngalande za mpunga. Chaka changa chomaliza m'boma ndinachithera kumeneko, ndikukonzera achule ndi udzudzu. Fayilo yanga anasaina pa nthawi yake, ndipo sindiwasungira mangawa.

Lamulungu lotsatira mwambo uja

Titaweruka ku tchalitchi tinawakweza a Sajeni pa ngolo n'kupita nawo pamsika. Ine ndinali nditakonzeratu mawu odzichepetsa oyankhira akamandithokoza. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali, anayang'ana chingwe, anayang'ananso a Saidi m'chijasi chawo. Kenako anauza Esinati kuti andifunse ngati boma latha laimu kapena ndayamba ulesi. Esinati asanatsegule pakamwa, iwo anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Aka kanali koyamba chikwatirire mwana wawo kuti andilankhule za khoma popanda mkhalapakati.

"Akamwini, zaka zonsezi inu mumayesa ndimakwiya? Khoma loyera laulere ndikanalipeza kuti? Inu mukapaka, ine ndimabwera n'kumawaitana mmodzimmodzi, uyu Faisoni, uyu Amidu, uyu mwana wa amalume. Ndikanapanda kumawajambula pafupipafupi, nkhope zawo zikanandithawa kalekale."

Ndinakhala ndikusenza chisoni kwa zaka zonsezo, osadziwa kuti kwa iwo ndinali ngati mwana wofufuta bolodi aphunzitsi asanalowe. Mtima unapepuka, komanso ndinamva ngati andibera. Iwo anati basi, tsopano lisiyeni choncho poti dzanja lapita, koma ntchitoyo sinathe. Analoza ndi dzanja lamanzere kampata ka kumapeto kwa mzere kaja, komwe ine ndinkayesa kuti makala anawathera. Anati pamenepo ndi pawo, ankangodikira kuti nthawi ikwane. Anapisa m'thumba la malaya movutikira, n'kutulutsa kachidutswa ka makala, n'kundipatsa. Ndinawauza kuti ine sinditha kujambula, ndimangodziwa mizere yowongoka. Anati iwo anali msilikali, mizere yowongoka ndiyo yawo.

Ndinakweza phazi kuwoloka chingwe changa chomwe. A Saidi anati, "Musakhudze," mayi anu n'kuwayang'ana kamodzi kokha, iwo n'kuyamba kuyang'ana kunyanja. Ndinagwada pakhomapo. Ndinayesetsa, ana anga, Mulungu ndi mboni. Ndinayamba ndi mapewa, ndinatsitsa mizere iwiri, ndinaika miyendo. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, chomwe chinaima pambali pa Faisoni ndi Amidu chinali ndowa ya miyendo. Mayi anu anabisa nkhope m'chitenje, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira, iwo amati zonse. A Sajeni anapendeka mutu, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti ku Bama sankadya choncho. Ndinafunsa ngati ndifufute ndiyambirenso. Anati ayi, ndafufuta zokwanira.

"Ingoikani chipewa," anatero. "Anzangawo andizindikira."

Ndinaika chipewa, chopinda mbali imodzi ngati cha anzawo. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, ndipo tinawaika ndi chijasi chawo, a Saidi atachibweza mosanyinyirika. Chingwe chija chinaola, koma asodzi amabweretsa china nthawi ndi nthawi popanda wowatuma. Mukamadutsa pa Mchepa muzitsika, minibasi ina mudzaipeza. Kumapeto kwa mzere mudzaona msilikali wonenepa kuposa anzake, ameneyo ndi agogo anu. Anthu a pamsika amauza alendo kuti ameneyo anajambula ndi mwana wa sukulu. Musawatsutse, ingovulani chipewa.